Mathero Amene Unandibisira M'chigafa

Mwana wanga Ndaziona,

Kalata iyi uwerenge lero lomwe dzuwa lisanalowe. Usaiponye m'chikwama kuti ukawerengere m'basi, chifukwa chimene ndikupempha m'menemu ukakachimvera panjira chidzakhala chopanda ntchito. Ndikulemba ndili pamthunzi kuseri kwa khola, iwe uli kuchigayo. Masana ano dzanja likundimvera, pomwe kulankhula nthawi yaitali kumanditsamwitsa, ndiye ndati pepala lindilankhulire.

Amayi ako andiuza kuti wapangana ndi wakabaza kuti adzakudikirire kumsewu tambala woyamba akamalira, iwe n'kutulukira khomo la kuseri ine ndili mtulo. Usawakwiyire. Anayesetsa kukusungira chinsinsi, koma mkazi ameneyu akabisa kanthu amatsuka mbale zotsukatsuka kale, ndiye ndinangowafunsa. Akuti wanena kuti sukufuna kundidzutsa popeza masiku ano tulo timandivuta. Ndaziona, ine ndinakubala. Si tulo tanga timene tikukudetsa nkhawa. Ukuopa kunditsanzika.

Ndilembe mosapsatira. Chotupa cha kum'mero chija madokotala a ku Lilongwe anati chapitirira poti n'kuchichotsa, ndipo chimene angathe n'kundipatsa mankhwala ochepetsa ululu. Unalipo, ndipo Chingerezi chawo unachimva bwino kuposa tonsefe. Kuyambira tsiku limenelo mawu ako ndi amodzimodzi. Ukandipatsa phala, "Ababa muchira." Ukandiyalira mphasa, "Ababa muchira." Mawa ukupita ku Blantyre kukayamba sukulu ya unamwino, tchuthi choyamba ndi cha Khirisimasi, ndipo palibe munthu amene angakulonjeze kuti udzandipeza. Zimenezi zikundiopsa inenso, usaganize kuti ndine mwala. Koma chimene chikundiopsa koposa n'choti ungachoke pakhomo pano ngati wakuba, n'kudzasenza chinthu chimenecho moyo wako wonse.

Ndikukumbutse za mabuku aja. Unayamba kundiwerengera uli Fomu 3, nyengo yosoka fodya. Mnzako Zainabu, mwana wa a Yusufu a golosale, ndiye anakuikira mufoni, ndipo iwe unkawerenga Chingerezicho chamumtima n'kumandimasulira, ine ndikusoka. Poyamba ndinkakuseka. Ndinkati bambo wa ndevu ngati ine ndizimvera za mapiri oyenda ndi mitsinje yolankhula? Koma sipanapite nthawi, ndine amene ndinkathamangira kwa aphunzitsi kukatchajitsa foni, kuopa kuti batire ingatithere nkhondo ili pakati.

Mayina a anthu a m'mabukuwo ankandipinda lilime, choncho tinawapatsa athu. Mtsikana uja amene ankafunafuna mvula imene mfumu ya pansi pa phiri inatsekera tinamutcha Nangozo. Msilikali wa diso limodzi amene ankayenda naye ndinamutcha Mkamwini, chifukwa ntchito yolemetsa yonse inali yake koma pomanga mfundo sankafunsidwa, monga mmene ndakhalira ine pamudzi wa kwanu uno. Tinayenda nawo anthu amenewa zaka ziwiri. Fodya anapita kumsika, tinakumba mtedza, tinakolola chimanga, fodya wina anabwera, iwo akuyendabe. Amayi ako ankati tapenga tonse awiri, koma tsiku lina ndinawapeza ataima kuseri kwa chigafa ndi lichero lopanda kanthu, akumvetsera.

Buku lomaliza tinalifika titabwerako kale ku Lilongwe kuja. Fodya munalibe m'chigafa, ndinkangogonamo masana chifukwa ndi mozizira. Iwe unali utatsogola kuwerenga wekha, ndipo unakhala masiku angapo osatchula za Nangozo, maso ali otupa. Nditakukakamiza unabwera, n'kukhala pansi, n'kundiuza kuti Nangozo anatsekula phiri, mvula inagwa, anabwerera kwawo, anakwatiwa, ndipo paukwati wake anapha ng'ombe zambirimbiri. Zonsezi unazinena mothamanga ngati njinga yopanda mabuleki, foni utaivundikira pamwendo. Zaka ziwiri zonsezo unkayang'ana mzere uliwonse, nthawi zina n'kuima kufunafuna liwu loyenera. Tsiku limenelo sunayang'anepo n'kamodzi komwe. Chinanso, mwana wanga, m'dziko lija munalibe ng'ombe. M'mabuku onse aja sitinamvemo ng'ombe ngakhale imodzi, nanga za paukwati zija zinachokera kuti? Zinachokera m'makola a kwathu kuno. Ndinangoti, "Zatha bwino," iwe n'kudzuka msangamsanga.

Patapita masiku Zainabu anabwera kudzandizonda, atate ake atamutuma ndi shuga. Iwe unali kumjigo. Ndinamufunsa kuti, "Zainabu, nkhani ija inatha bwanji?"

Iye anati, "Ndaziona sanakuuzeni, ababa?"

"Anandiuza zake. Ine ndikufuna za m'buku."

Anakanda dothi ndi chala cha kuphazi. Kenako anati, "Ababa, sizinathe bwino ayi. Mvula inagwa ndithu, koma phiri lija silikanakhala chotsekuka popanda munthu wotsalira m'kati. Ndiye anatsala ndi mtsikana uja. Msilikali uja anabwerera yekha, kumudzi n'kupeza anthu ali kalikiliki kudzala, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamufunsa za mtsikanayo. Ine ndinalira ngati ndi maliro enieni. Ndaziona ndiye anamenyetsa foni pansi mpaka galasi linang'aluka. Akuti wolembayo ndi mfiti. Si ife tokha, pa intaneti anthu a kumayiko ena akumutukwananso, ena mpaka akulemba mathero awoawo."

Sindikunamiza, nanenso zinandipweteka kwambiri. Zainabu atapita ndinatenga khasu n'kupita kudimba ndi mphamvu zimene ndinalibe, n'kumakalipira munthu wosamudziwa ndi nkhope yomwe. Ndinkati munthu watiyendetsa zaka ziwiri, tawoloka naye mitsinje, tagona naye ndi njala, mapeto ake n'kutibweza chimanjamanja. Choncho sindikunena kuti unalakwa kukwiya. Munthu amene sakwiya nkhani ikatha chonchi ndiye kuti sankamvetsera. Unakwiya chifukwa unamukonda Nangozo, ndipo mtima wotero usadzachite nawo manyazi.

Koma tamvera zimene zinachitika pambuyo pake. Ukwati wako wa ng'ombe uja ndinauiwala tsiku lomwelo. Nangozo wa m'phiri ndiye ndimagona naye, ndimadzuka naye. Ndikamuganizira ndimaona kuti wolemba uja sanatipusitse. Kuyambira buku loyamba ankatiuza kuti mvula ija sidzabwera yaulere, ife ndi amene tinkatseka makutu. Walira mvula walira matope. Tinkafuna mvula yopanda matope, ndipo yoteroyo ine sindinaionepo chiyambire kugwira khasu.

Pali china chimene Zainabu ananena ataima kale pakhomo. Anati asanalekane, Nangozo ndi Mkamwini anakhala pansi pakamwa pa phiri n'kutsanzikana, ndipo wolembayo anapereka mutu wathunthu ku kutsanzikana kokhako. Ndinamufunsa zimene anauzana, koma mwanayo misozi inamulaka, anangopukusa mutu n'kumapita. Mpaka lero sindikudziwa. Pa zonse zimene unandibisira, imfa ya Nangozo si imene ndikudandaula nayo. Ndikudandaula ndi mutu umenewo. Unandimana mbali imene munthu wodwala ngati ine ankaifunitsitsa.

Ndikuuze chifukwa chake. Ndili mnyamata, ndisanawadziwe amayi ako, ndinkagwira ntchito pa esiteti ya fodya kutsidya kwa malire, cha kufupi ndi Chipata. Tsiku lina madzulo kunafika bambo wina wa kwathu ku Ludzi pa njinga. Anati, "Amayi ako sakupeza bwino, akuti ufike." Ndinafunsa kuti, "Akudya?" Anayankha kuti, "Pang'onopang'ono." Iwo anabwerera madzulo omwewo, ati ali ndi kwina koti adzere. Ine ndinati munthu amene akudya pang'onopang'ono angathe kudikira, ndiye ndinagona, m'mawa n'kukapempha chilolezo kwa kapitawo, panjira n'kuimanso kuti ndiwagulire agogo ako chitenje, sopo ndi shuga. Ndinasankha chitenjecho mosafulumira, ndikuganizira mtundu umene angaukonde.

Nditayandikira mudzi ndinaona masamba ataikidwa mumsewu, chizindikiro cha maliro. Ndinatsika njinga mwaulemu monga timachitira, ndikudzifunsa kuti watisiya ndani, mwina nkhalamba ina ya kutsidya kwa dambo. Chapatsogolo ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda, adzukulu ali ndi makasu paphewa. Atandiona onse anaima. Azakhali anga ndi amene anayang'ana kamtolo kanga pa kaliyala n'kuyamba kulira mwatsopano. Agogo ako anali atamwalira bambo uja asananyamuke n'komwe kumudzi.

Bambo ameneyo sanali munthu woipa. Anatsata mwambo, ndipo mwambowo ulipobe: munthu wakutali sumuuza imfa mwachindunji, umazungulira, kuopa kuti angakomoke panjira kapena kudzipweteka. Anandikonda monga mmene iwe unandikondera m'chigafa muja. Koma akanandiuza zoona ndikanapalasa usiku womwewo, ndikanaona nkhope ya mayi anga, ndikanaponya dothi. Anandipatsa usiku umodzi wogona bwino, n'kundilanda chinthu chimene palibe angandibwezere. Zaka zonsezi zapita, koma ndikaona masamba mumsewu ndimakumbukirabe chitenje chija. Kumbukira zimenezi, Ndaziona. Bodza la chikondi limakoma tsiku limodzi lokha.

Za Yohane, mwana wa malemu amayi ako aang'ono, ukuzidziwa mbali imodzi, chifukwa unali wamng'ono. Mayi ake anamwalira iye ali kusukulu yogonera komweko, ali m'kati molemba mayeso a Fomu 4. Abale anakhala pansi, amalume ako a Filipo ali patsogolo, n'kugwirizana kuti mwana asauzidwe mpaka atamaliza. Ankamuimbira foni n'kumati amayi ako akupeza bwino, angogona. Mnyamatayo anakhoza, ndipo anthu anati mwaona, tinachita bwino. Koma anafika pamudzi pano atanyamula mabulangete ake, akuitana mayi ake kuchokera kumsewu, n'kupeza nyumba yotseka ndi mtumbira woti waphwa kale. Lero ali ku Lusaka, amathandiza abale, koma phazi lake pano saponda. Ukamuuza pafoni kuti kuno tili bwino amadula n'kuimbira munthu wina kuti atsimikize. Anamusungira mayeso, n'kumuwonongera makutu. Sindikufuna kuti iwe ukakhale ku Blantyre ukuchita mantha ndi mawu oti "ali bwino."

N'chifukwa chake Lamulungu lapitali, titachoka kutchalitchi ku Guilleme, ndinaitana amayi ako, a Filipo, ndi atcheya a mphakati wathu kuti akhale mboni. Iwe ndinakutuma dala kukagula mchere. Ndinawauza kuti zanga zikadzafika poipa, Ndaziona adzauzidwe tsiku lomwelo, m'mawu omveka, kaya ali m'kalasi kaya ali pamayeso.

A Filipo anati, "Alamu, mwana ali pasukulu sasokonezedwa. Mmene timachitira mukudziwa."

Ndinati, "Alamu, chibwerere pamudzi pano ndakhala ndikukumverani. Munda munandilozera ndinu, pomanga nyumba munandilozera ndinu, sindinatsutsepo. Apa pokha mundimvere ine. Mwanayu ndi mbumba yanu, koma imfayi ndi yanga."

A Filipo anasisita chipewa pabondo. Amayi ako ndi amene anati, "Achimwene, za Yohane zija zisachitikenso." Pamenepo alamu anga anavomera, ndipo atcheya anamva. A Filipo ndi munthu wouma mutu, koma akalonjeza pamaso pa anthu sabwerera m'mbuyo.

Ndiye mvetsa bwino chimene ndakukonzera, chifukwa chuma choti ndikupatse ndilibe koma ichi. Foni ikalira n'kumva kuti ababa ako ali bwino, ukhulupirire, utseke foni, ubwerere ku mabuku ako ndi mtima wokhazikika. Ukadzamva kuti bwera, usadzafunse ngati ndikudya. Usadzaime pamsika kundigulira kalikonse. Udzangokwera. Ndipo ukadzamva mawu ena aja, adzakhala oona, sadzakuzungulira. Ndikubwereza: palibe amene adzakunamize. Iwenso usatinamize. Zikakakuvuta kumeneko, ukalephera mayeso, ukadwala, munthu akakuzunza, unene mmene zilili. Amayi ako ndi olimba kuposa mmene umawaonera.

Zosiya sukulu kuti undidwazike usaziganize n'komwe. Ndinakumva usiku wina ukuwanong'oneza amayi ako zimenezi, makoma a nyumba ino si a simenti. Malo amenewa unawavutikira, unawerenga ndi tochi mpaka maso kufiira. Kukhala kwako pano sikungachepetse chotupachi, kungangondiwonjezera chisoni choona mwana wanga akupalira mtedza ndi satifiketi m'thumba. Ondisamalira alipo. Iwe pita.

Kumene ukupitako ukakumana ndi anthu ambiri ogona pabedi ngati ine. Sindikukuphunzitsa ntchito, aphunzitsi ako akudziwa kuposa ine, ndipo sindikunena kuti uzikaopseza odwala. Ambiri adzachira, uzikawalimbitsa mtima. Koma padzakhala wina amene adzakugwire dzanja n'kukufunsa ndi maso ake onse. Ameneyo ali ndi ana oti awaitane, munthu woti amupepese, mbuzi zoti anene mwini wake. Usadzamuthawe ndi mawu oti muchira n'kutuluka msanga m'chipinda. Ngati si udindo wako kumuuza, kaitane amene angathe, iwe n'kukhala pomwepo. Ndikudziwa mmene zimakhalira munthu ukamafuna kulankhula za ulendo wako, onse okukonda n'kumasintha nkhani. Kumakhala kusungulumwa koposa kukhala wekha.

Zina ndi zazing'ono, koma ndizinene poti bambo ndine. Uzidya, usamadumphe chakudya chifukwa cha kuwerenga, umaonda msanga ngati amayi ako. Bulangete lokhuthala lija utenge, akuti kumeneko kumazizira nthawi imene sukuyembekezera. Anzako akakaseka kalankhulidwe kako ka ku Mchinji useke nawo, lilime silisinthidwa ngati malaya. Anyamata a mawu okoma aliko, ndipo iwe si mwana, ndingokuuza kuti uziona mmene munthu amalankhulira ndi wogulitsa tomato, osati mmene amalankhulira ndi iwe. Kutchalitchi uzipita ngakhale masiku amene wakwiyira Mulungu, amatha kupirira mkwiyo wa munthu. Ndipo amayi ako uziwaimbira ndiwe. Iwo sangayambe, adzati akukusokoneza, koma foni adzakhala ataimangirira pansonga ya chitenje tsiku lonse.

Zainabu anandiuzanso kuti unalumbira kuti sudzawerenganso buku usanasuzumire tsamba lomaliza, kuti ukaona kuti likutha moipa ulisiye. Lumbiro limenelo ulimasule. Uziwerengabe mabuku ako a mapiri oyenda, ndipo uziyamba pa tsamba loyamba monga anthu. Taganiza, wina akanabwera ndili mnyamata n'kundionetsa tsamba langa lomaliza, mmero uwu, phala la madzimadzi ili, kodi ndikanakana kufunsira amayi ako? Ndikanakana kukunyamula tsiku limene unabadwa, uli kofiira, ukulira ngati wina wakubera? Ndikanakana zaka ziwiri zija za m'chigafa? Sindikanakana n'chimodzi chomwe. Nkhani yanga ikutha mosakoma, ndikuvomera, ndipo ndikanakonda ikanatalikirako kuti ndidzakuone utavala zoyera. Koma inali nkhani yabwino, ndipo iwe ndiwe mbali yake imene ndimanyadira kwambiri.

Tsopano pempho langa. Wakabaza uja umuuze asadzaime kumsewu, adzafike pakhomo pano dzuwa litatuluka. Maminibasi a ku Lilongwe pa boma satha, basi ya ku Blantyre ukaipeza ku Lilongweko. Usanene kuti tidzalankhulana bwino pa Khirisimasi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Tsiku limene tili nalo m'manja ndi la mawa.

Ine ndidzadzuka, ndidzasamba, ndidzavala jekete langa la kutchalitchi, n'kukhala pakhonde. Udzatulukire khomo la kutsogolo ndi chikwama chako. Udzagwade ndikuike dzanja pamutu, monga anandichitira atate anga pamene ndinkachoka kwathu. Usadzanene kuti ndichira. Udzangoti, "Ababa, ndapita, tsalani bwino," ine n'kuyankha kuti, "Pita bwino, mwana wanga." Ngati pali china chimene wakhala ukuchisunga, udzachinene pomwepo, ndidzamvetsera ngakhale wakabaza atatopa kudikira. Misozi ikadzabwera usadzaibweze, nanenso sindikulonjeza kuti ndidzalimba.

Ukadzandipeza pa Khirisimasi tidzasekana kuti tinalira pachabe, ndipo ndidzakondwa kusekedwa. Ukadzapanda kundipeza, udzakhala utanditsanzika ndili ndi maso, ndikukumva, ndikukuyankha, ndipo palibe chimene chidzakutsate m'mbuyo.

Usandilole ndidzuke n'kupeza chipinda chako chili chosesa. Ndikufuna ndikuone ukupita.

Ndine bambo ako,
amene ndidzakhale ndikukudikira pakhonde.